Akafuna Minofu Yathu, Mapepala Amayenda Okha

Amene amanena kuti a Malawi timakonda kulowa m'maiko a eni kudzera njira zachidule ayambe ayesa njira yaitaliyo, aone ngati afike. Ine ndikuti mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene amakwera basi ya ku Joni ali ndi pasipoti yokha m'thumba, wopanda pemiti ya ntchito, si chigawenga ayi. Ndi munthu amene waona kuti khomo lakumaso analimangira anthu ena.

Taonani zimene amafuna kwa munthu wopempha viza ya ntchito ku South Africa. Upite wekha ndi mapazi ako, usatume munthu. Unyamule pasipoti, kalata ya bwana amene wakulemba ntchito, kalata ya apolisi yonena kuti sunapalamulepo, kalata ya dokotala, komanso masatifiketi ako atayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA la komweko. Pepala lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo ena amatha mphamvu pakapita miyezi. Ukamathamangira lachisanu, loyamba lija lafa kale.

Kuyambira mu Okutobala 2024 anaonjeza zowerenga mapointi. Pamafunika 100, ochokera ku maphunziro, kukula kwa malipiro ndi zaka zimene wagwira ntchito. Tandiuzani abale, wosamalira maluwa, wophika, wosoka, womanga nyumba, mapointi 100 akawatola kuti? Chikhalirecho izi ndizo ntchito zimene abale athu ambiri akugwira ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo owalembawo ndi eni dziko omwewo.

Msampha weniweni ndi uwu. Viza imafuna kalata ya ntchito, koma ndi bwana uti angalembe munthu amene sanamuonepo? Mmalawi amaloledwa kulowa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza. Akapeza ntchito m'masiku amenewo, malamulo a 2014 amati sangasinthire komweko chilolezo cha mlendo kukhala cha ntchito. Abwerere kwawo akapemphere kumeneko. Akapyola nthawi yake ndi masiku oposa 30, amamuletsa kulowanso kwa zaka zisanu. Ndiye asankhe chiyani, ntchito ili m'manja kapena ulendo wa masiku wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kukafola mzere wopanda lonjezo?

Mzerewo ndimaudziwa. Ndinaimapo kunja kwa mpanda wa kazembe wina kuyambira mbandakucha, envulopu yakhaki m'khwapa. Kutsogolo kwanga kunali namwino, kumbuyo mphunzitsi wa sekondale, tonse tikunena kuti "bwana" kwa mlonda wa pageti. Pofika pazenera, kalaliki osadzutsa n'komwe mutu: "Chithunzichi sichili bwino, mubwere mawa." Mawa? Munthu wachokera ku Karonga, wagona pa depoti, ndalama yathiransipoti ndi yakatapila, mawa akagona kuti? Amatiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoona, koma nkhono simalipiritsa pakhomo.

Ndipo paliponse pamene pali mzere wotere, kaya wa viza kaya wa pasipoti, pamthunzi wa mtengo pamakhala dobadoba. Dobadoba sanagwe kumwamba. Amabadwa tsiku limene kalaliki wanena kuti "mawa" kachitatu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti azigogo athu sanaone zonsezi. M'masiku a Wenela, migodi ya golide itafuna anthu, mapepala ankayenda okha. Akakupima pachifuwa, iwe n'kudinda chala, basi wakwera ndege. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 a Malawi oposa 100,000 anali pansi pa nthaka ya South Africa. Palibe anawafunsa dipuloma. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha a Malawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzatha mu 1988 pa mkangano woyeza kachilombo ka Edzi. Migodi itakhuta, khomo linatsekedwa, ndipo nkhalamba zimene zinasiya mapapu kumeneko zakhala zikulondola ndalama zawo zaka ndi zaka.

Musati ndi zakale zokha. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukalima m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Mapepala awo sanachedwe. Patangopita miyezi yochepa, kumayambiriro kwa 2024, dziko lonse linakhala masabata osasindikiza pasipoti chifukwa makina anaima. Mwaona? Akuluakulu akagwirizana, chidindo chimapepuka. Munthu wamba akadzipezera yekha ntchito, chidindo chomwecho chimalemera ngati mphero.

Sindikukana kuti dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha olowa. Sindikukananso kuti ulova ku South Africa ndi waukulu. Koma dziko lomwelo mu 2009 linapatsa anthu a ku Zimbabwe chilolezo chapadera chokhalira ndi kugwira ntchito, kenaka linachitanso chimodzimodzi kwa a ku Lesotho. Nanga ife, amene tinakumba nawo golide uja? Maboma athu, la chipani ichi ndi la chipani icho, amadziwa kutumiza mabasi zinthu zikavuta, monga mu 2008 ndi mu 2015 pamene alendo ankasakidwa ngati mbewa. Amadziwa kulandira ana athu ochokera ku Lindela. Koma kukhala pansi ndi Pretoria, kupempha pemiti ya wantchito wamba, pakamwa pamauma.

Nditero kwa nduna ndi aphungu athu: ndalama zimene anyamatawa amatumiza ndizo zikufolera malata ku Mzimba ndi kulipira fizi ku Mangochi. Kawapezereni pepala. Pitani mukakambirane mgwirizano woti wophika ndi womanga nyumba azilowa pakhomo lakumaso, dzina lake lili m'kaundula, malipiro ake ali ndi lamulo lowateteza. Kunonso konzani kuti kalata ya apolisi ndi pasipoti zizituluka pa tsiku lodziwika. Mukapanda kutero, musadzatiuzenso pa wailesi kuti achinyamata azitsata njira zoyenera, pakuti njirayo simunailambule.