Tindege Toyendera Mafuta ndi Toyendera Batire

Mwezi uno tikambirane za tindege touluka popanda munthu m'kati, timene mwini wake amatiwongolera ataima pansi ndi kawailesi ka m'manja. Kwa anthu a ku Kasungu izi si nthano, pakuti m'mwezi wa June 2017 Boma la Malaŵi ndi bungwe la UNICEF adapatula dera loyeseramo tindege totere, kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu makilomita 40 mbali zonse. Tsono mnyamata kapena mtsikana wofuna kuphunzira luso limeneli ali ndi funso loyamba loti aliyankhe: kodi kandegeko kayendere mafuta kapena batire?

Tiyambe ndi mafuta. Tinjini tina timamwa petulo wosakaniza ndi oilo. Tina timamwa sipiriti wotchedwa methanol, ndipo oilo amene amathiramo kaŵirikaŵiri ndi mafuta a nsatsi, mbeu yomweyi imene imamera yokha m'mabwinja. Ubwino wa mafuta ndi wakuti amasunga mphamvu yambiri. Kilogalamu imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yoposa ya kilogalamu imodzi ya batire pafupifupi ka 50. Injini imataya gawo lalikulu la mphamvuyi m'kutentha ndi m'phokoso, komabe yotsalayo ndi yochuluka ndithu. Ndiponso pamene mafuta akutha kandege kamapepuka, koma batire imalemera chimodzimodzi ikhale yodzaza kapena yakutha. N'chifukwa chake m'chaka cha 2003 kandege ka makilogalamu 5, kamene adakonza Maynard Hill wa ku America ndi anzake, kadaoloka nyanja ya Atlantic kuchokera ku Newfoundland kufika ku Ireland, mtunda woposa makilomita 3,000, m'maola pafupifupi 39 osatera.

Koma injini ili ndi zovuta zake. Imasokosa, imalavula utsi ndi oilo, ndipo imafuna munthu wodziŵa kuichuna, apo ayi imazima kandege kali m'mwamba. Fumbi la m'chilimwe likaloŵa m'kati limaidya msanga. Kunjenjemera kwake kumaononga zithunzi ngati kandegeko kanyamula kamera. Methanol nayenso si chinthu chogula pa golosale, ndipo ndi poizoni: munthu akamwa amachita khungu kapena kufa kumene.

Nanga batire? Kandege ka magetsi kamakhala ndi mota ndi batire ya lithium. Sikavuta kuliza, mukangokankha kamtengo ka pa kawailesi, chopalasira mphepo chimayamba kuzungulira nthaŵi yomweyo. Kamauluka mwakachetechete, ziŵalo zotha msanga n'zochepa, ndipo mota imagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a mphamvu imene yalandira. Kufooka kwake kuli pa nthaŵi. Tindege tambiri ta ophunzira timauluka mphindi 10 kapena 20 zokha, kenaka mwini wake n'kudikira pafupifupi ola lathunthu kuti batire idzale. Batireyo imakalambanso, ndipo ikakalamba palibe kuikonza koma kugula ina.

Tsono tisankhe chiti? Yankho lili pa ntchito imene tikufuna kugwira. Ife sitifuna kuoloka Atlantic. Mtunda wotivuta ndi wochokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi kupita ku chipatala cha boma, makamaka m'dzinja pamene misewu yaterera ndipo mitsinje yadzaza. M'mwezi wa November 2017 ophunzira a m'Malaŵi muno, mothandizidwa ndi aphunzitsi a sukulu ya ukachenjede ya Virginia Tech, adakonza kandege ka batire kotchedwa EcoSoar ndi zipangizo zopepuka ndi zotsika mtengo. Kandegeko kadauluka makilomita 19 kuchokera ku chipatala cha Gogode kufika pa bwalo la Kasungu, katanyamula kaphukusi koyerekeza mankhwala. Pa maulendo otere batire ikwanira, ndipo namwino wotumiza magazi okapimidwa safunika kukhala makaniko.

Pali chifukwa chinanso. Petulo timachita kuitanitsa kunja, ndipo tonse tidaona mizere ya magalimoto m'chaka cha 2011 ndi 2012 pamene adasoŵa. Koma magetsi odzazira batire munthu angathe kuwapeza pakhomo pake ndi sola imodzi, poti dzuŵa m'chigwa cha Kasungu silisoŵa. William Kamkwamba wa kwa Wimbe adatsimikiza zimenezi ali ndi zaka 14, pamene adapanga magetsi ndi mphepo ndi dainamo ya njinga. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wophunzira ayambe ndi mphamvu imene angaipeze tsiku lililonse.

Makolo, mau ochenjeza ndi aŵa. Batire ya lithium ikaboka, ikatupa kapena ikadzazidwa mopitirira imayaka moto wovuta kuzimitsa. Ana asaidzazire m'nyumba ya denga la udzu, kapena pafupi ndi chigafa ndi mabelo a fodya, pakuti thukuta la chaka chonse lingapse m'kamphindi. Aiike pa mchenga kapena mu mphika wadothi, pamthunzi, munthu ali pomwepo. Chopalasira mphepo chimadula zala, chikhale cha mota kapena cha injini. Ndipo asaulutse pafupi ndi bwalo la ndege kapena pamwamba pa khamu la anthu; wofuna kugwira nako ntchito ayambe wapempha chilolezo kwa oyang'anira za maulendo a ndege.

Mwana wanu akayamba kusema mapiko ndi kulumikiza mawaya musamletse msanga poganiza kuti ndi maseŵera chabe. M'mwezi wa January 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata luso lomweli. Mulimbikitseni pa masamu ndi sayansi, ndipo pamene ayamba kuulutsa, ayambe ndi batire. Za injini adzaphunzira manja atakhwima.