Makolo, fatsani posintha inshuwalansi ya cipatala

Kuno ku Tamanda kuli makolo amene anapuma pa nchito ku Lusaka ndi ku migodi, nabwerera kumudzi. Ena mwa iwo ana awo amawalipirira inshuwalansi ya cipatala ku makampani, kuonjezera pa ya Boma. Tsopano ena afuna kusintha kampani pomva kuti kwina mtengo ndi wotsika.

Ife tikuti fatsani. Ku kiliniki ya kumudzi sitilipira, koma matenda a ukalamba amatitumiza ku cipatala cacikulu. Kampani yakale inakulandirani mukali ndi mphamvu. Yatsopano idzakupezani ndi BP ndi shuga, ndipo makampani ambiri amakana kulipirira matenda amene munthu walowa nawo, kapena amamuyembekezetsa miyezi. Kodi wodwala shuga angakhale miyezi popanda mankhwala? Funsani zimenezi, ndipo yankho likhale lolembedwa, pakuti mau a pakamwa a wogulitsa safika pa windo la cipatala. Funsaninso ngati khadi lawo limalandiridwa ku Chipata Central kapena ku Mwami. Khadi logwira nchito ku Lusaka kokha ndi lacabe kwa munthu wa kuno.

Cinanso, NHIMA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, siisonkhetsa anthu opitirira zaka 65. Komabe dzina silidzilemba lokha. Tengani citupa canu ca NRC mukalembetse, ndipo khadi la kampani yakale musalitaye kufikira latsopano litayamba kugwira nchito.