Bolani wa ku Afghanistan pa mbaula yanga

Mwezi wathawu bambo a kunyumba anabwera ndi thumba la mbatatesi kuchokera ku Ntcheu. Akuti pa mphambano ya ku Tsangano anaipeza yotchipa moti kuisiya kukanakhala kuchimwa. Masiku atatu oyamba m'nyumba munali chikondwerero: tchipisi m'mawa, tchipisi madzulo. Tsiku lachinayi nditayang'ana botolo la mafuta ophikira, mutu unaima. Linali litafika pakati, chonsecho mwezi unali usanapite patali.

Ndinalamula kuti za tchipisi zithe. Ndinayamba kungowiritsa. Koma ana a masiku ano, abale inu! Kontena inkapita kusukulu yodzaza n'kubwerako yodzaza, ndipo mbatatesi ija m'thumba inayamba kumera.

Ndinadandaulira mng'ono wanga amene amakhala ku Birmingham. Iyeyu anayandikana nyumba ndi mayi wina wa ku Afghanistan, mmodzi mwa anthu amene anachoka m'dziko lawo a Taliban atalanda mzinda wa Kabul mu Ogasiti 2021. Awiriwa amapatsirana mbale pampanda monga timachitira kuno. Anandiyankha kuti, "Achemwali, pangani bolani. Mbatatesi mukutha nayo, mafuta osatha." Usiku womwewo ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp, manja a mayi uja akukanda fulawa.

Bolani ndi buledi wopyapyala amene amaika zinthu m'kati, kumupinda pakati ngati mwezi wa theka, n'kumuwotcha m'chiwaya ndi timafuta pang'ono. Ku Kabul amagulitsidwa m'mbali mwa msewu monga ife timagulitsira mandasi, komanso sasowa pakhomo kukabwera alendo kapena m'mwezi wa Ramadan, anthu akamamasula dzuwa litalowa. M'katimo ena amaika dzungu, ena mphodza, ena masamba otchedwa gandana, omwe ndi achibale a anyezi. Koma wodziwika kwambiri ndi wa mbatatesi. M'chiyankhulo cha Dari mbatatesi amati kachalu, ndipo nditamva ndinaseka ndekha poti agogo anga ankati kachewere. Mbatatesi yambiri m'dzikomo imalimidwa m'chigawo cha Bamiyan, kumapiri kozizira. Dedza wawo ameneyo.

Ndiulule pano: ulendo woyamba ndinachita manyazi. Kavidiyo kaja ndinangokaonera kamodzi, n'kunena mumtima kuti amenewa ndi chapati basi, ine chapati ndinayamba kupanga ndili mtsikana. Mbatatesi ndinasenda, kuduladula, kuwiritsa mpaka kusungunuka, ndipo poinyenya ndinathiramo madzi ake omwe kuti ifewe bwino. Fulawa ndinangokanda n'kuyamba kuyala pompo. Ndinaunjika phala lotenthalo m'kati ngati ndikudzaza ngolo, n'kuponya m'chiwaya makala ali lawilawi. Sipanathe mphindi, bolani anafufuma, anang'ambika pamimba, mbatatesi yonse panja, kukakamira m'chiwaya. Amene anapulumuka anali wakuda kunja, m'kati muli fulawa wamuwisi. Bambo aja anasuzumira n'kufunsa mwaulemu wokayikitsa, "Kodi mayi, samusa ameneyu wachita ngozi?"

Fulawa makapu atatu anapita kwa galu. Ndi mmene mitengo ililimu, zinandipweteka.

Mng'ono wanga atakafotokozera mayi uja, akuti anaseka mpaka misozi, kenaka anatumiza uthenga wachidule: mbatatesi ikhale youma, ikhale yozizira, ndipo ufa upume. Zitatu zokhazi ndi zimene ndinalakwitsa, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Madzi a m'mbatatesi akatentha amasanduka nthunzi, nthunziyo ikasowa potulukira imaboola. Mbatatesi yotentha imafewetsa ufa usanafike n'komwe pamoto. Ndipo ufa wa tirigu ukangokandidwa kumene umakhala wamakani, ukauyala umabwerera ngati mphira, ndiye umathera pokhuthala, osapsa m'kati.

Tsopano ndimachita chonchi. Ndimatenga fulawa makapu 3, mchere supuni yaing'ono imodzi, mafuta masupuni aakulu 2 ndi madzi ofunda pafupifupi kapu imodzi. Madziwo musathire onse nthawi imodzi, fulawa amasiyana ludzu. Ndimakanda kwa mphindi 8 kapena 10 mpaka ufa usalale, usiye kumata m'manja, kenaka ndimavundikira ndi kansalu konyowa kwa mphindi 30. Ena amaikamo yisiti pang'ono. Ine sindiika, ndipo palibe anadandaulapo.

Ufa ukupuma, mbatatesi 5 kapena 6 zapakatikati zimakhala zili pamoto ndi makoko ake, chifukwa khoko limatchinga madzi. Zikapsa ndimakhetsa madzi, kusenda, n'kunyenya ndi foloko. Osathira madzi, mkaka kapena majarini. Zikazizira ndimasakanizamo anyezi wamasamba wodula tizidutswa ting'onoting'ono, wamuwisi, wodzaza dzanja, masamba a korianda amene ena amati dania, katsabola, mchere ndi supuni ya mafuta. Mcherewo thirani mukatsala pang'ono kuyamba kupinda, chifukwa ukakhalitsa umatulutsa madzi mu anyezi n'kukubwezerani ku vuto lomwe lija. Lawani. Mbatatesi imameza mchere, ndiye izimveka ngati yapitirira pang'ono, poti ufa wakunjawu ndi wozizira m'kamwa.

Pamene pagona luso ndi poyala. Ufa uja ndimaugawa timipira 8. Kalikonse ndimakayala ndi botolo, patebulo powaza fulawa, mpaka kakule ngati mbale ya nsima, kopyapyala kuposa chapati. Mukakanyamula, zala zizioneka mbuu kuseri kwake. Mbatatesi ndimapaka mbali imodzi yokha, masupuni awiri kapena atatu, mopyapyala ngati mukupaka chiponde pa buledi wa mlendo, n'kusiya mpata wa chala chimodzi m'mphepete. Ndimanyowetsa m'mphepetemo ndi chala, kupinda, kenaka kusisita ndi chikhatho kuchokera popindira kupita kunja kuti mpweya wonse utuluke ndisanamate. Mpweya wotsalira m'kati ndi mnzake wa nthunzi ija.

Moto ukhale wapakati. Pa mbaula ndimaphula makala ena, ndipo ndimadikira malawi athe. Supuni imodzi ya mafuta m'chiwaya ikwanira bolani mmodzi, theka mbali ino, theka mukatembenuza. Mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, mpaka aoneke mawanga ofiirira ngati khungu la nyalugwe, m'mphepete muli khirichikhirichi. Mabolani onse 8 sanandithere ngakhale kapu imodzi ya mafuta. Yerekezani ndi dziwe limene timasambitsamo tchipisi.

A ku Afghanistan sadya bolani wouma. Amasunsa mu yogati, nthawi zambiri wokhetsa madzi amene amati chaka, wothira adyo ndi mchere, kapena mu chatini wobiriwira wa korianda, tsabola, adyo ndi viniga. Ine ndinathira chambiko pa kansalu koyera, kumanga, n'kupachika kwa ola limodzi kuti madzi adonthe. Chotsalacho ndinasinjiramo adyo kamodzi. Pa chatini ndinasinja mumtondo waung'ono, ndi madzi a mandimu m'malo mwa viniga, ndi kambuzi mmodzi yekha. Mng'ono wanga ataonetsa mayi uja chithunzi, akuti anagwedeza mutu kuvomereza, koma anati ufa wanga ukadali wokhuthala. Ndavomera, sindinafikepo. Iwo akuti ku Birmingham gandana samupeza wamba, amagwiritsa ntchito maliki ndi anyezi wamasamba, ndipo amati amakoma koma si wakwawo. Mng'ono wanganso amanena zomwezo za nsima ya ufa wa m'sitolo.

Ndisakunamizeni kuti ndi chakudya chachangu. Kuyambira kukanda mpaka womaliza kuphula pamapita ola ndi theka, choncho musayerekeze m'mawa ana akuthamangira kusukulu. Ndimapanga madzulo, m'mawa ndimangofunditsa m'chiwaya chopanda mafuta, kudula patatu, n'kuika m'kontena. Sabata yathayi wamng'ono anabwera ndi kontena yopukuta ndi chala, n'kundiuza kuti mawa ndimuikire awiri chifukwa mnzake akumusinthitsa ndi bisiketi.

Bambo aja anadya atatu, akusunsa m'chambiko, thukuta la kambuzi lili kamukamu. Atasamba m'manja anakhala tsonga, n'kufunsa kuti nanga nsima ipsa nthawi yanji.