Tinazimitsa filimu chifukwa cha anthu oiyamikira

Loweruka lapitali ife a kagulu kowerenga mabuku pano pa boma la Ntcheu tinakumana monga mwa nthawi zonse. Magetsi analipo, ndiye ndinati lero tipumeko ku mabuku, tionere filimu. Ndinabwera ndi Parasite, ya ku South Korea, ya Bong Joon-ho. Ndi nkhani ya banja losauka, lokhala m'kanyumba kokwiririka pansi, lomwe mwaukathyali likulowa ntchito m'modzim'modzi kunyumba kwa mpondamatiki. Tisanafike n'pakati pomwe, bambo ena amene ndimawalemekeza kwambiri, omwe nthawi yonseyi anali pa foni, anadzuka. "Achimwene, zimitsani. Filimu imeneyi inapatsidwa mphoto ndi amathanyula." Ena anaseka, amayi awiri anatola zikwama zawo. Ndinazimitsa, ndipo mpaka lero ndikudzikwiyira.

Bambowo sananame, ngakhale mawu omwe anasankha ndi achipongwe. Ku America kuli bungwe lotchedwa GALECA, la atolankhani ounika mafilimu ndi mapulogalamu a pa kanema, omwe ambiri mwa iwo ndi amuna kapena akazi okondana okhaokha, kapena anthu osintha kuchoka ku chimuna kupita ku chikazi ndi mosemphanitsa. Linayamba mu 2009 ndipo chaka chilichonse limapereka mphoto zotchedwa Dorian. Parasite anaisankha kukhala filimu yopambana ya 2019. Filimu yomweyo inapambananso ku Cannes, n'kudzatenga Oscar mu 2020, koma izo bambo athu sanazione pa foni paja.

Tsono ndifunse. Mu Parasite muli chiyani choti tithawe? Muli njala, ngongole, madzi osefukira kulowa m'nyumba za amphawi pamene olemera akusangalala ndi mvula yomweyo. Aliyense amene anaona mayi akuthamangira basi pa Lizulu ndi beseni la tomato, bwana ali m'galimoto akunenerera mtengo kudzera pawindo, filimu imeneyi aimva popanda womasulira. Mphoto yomweyi ya Dorian inapitanso kwa 12 Years a Slave, mbiri ya Solomon Northup, munthu wakuda amene anabedwa mu 1841 n'kugulitsidwa ukapolo. Amene anasewera ngati Northup ndi Chiwetel Ejiofor, yemwe uja anadzabwera ku Kasungu kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba. Nayonso ya ukapoloyo tizimitse? Ngati munthu amene sitigwirizana naye wanena kuti mbatata ya ku Tsangano ndi yokoma, tisiye kudya?

Inde, zaka zina asankhapo Carol ndi Moonlight, mafilimu okamba za chikondi cha anthu ngati iwowo. Sabisa, dzina lawo limanena lokha. Ineyo dandaulo langa pa iwo ndi lina: maso awo amakhala kwambiri ku Hollywood, za kuno kwathu sazidziwa n'komwe. Koma kumeneko n'kutsutsana ndi maganizo awo pa filimu, osati kufunsa kumene agona.

Chimene chikundiwawa zedi n'chakuti ife oseka anzathufe ounika mafilimu tilibe. Joyce Mhango Chavula anatenga mphoto ku Lagos mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Shemu Joyah anatenga yomweyo mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Ife tinangoti "atiimirira, Malawi moto!" basi. Kukhala pansi n'kulemba m'Chichewa kuti apa Joyah wakhoza, apa wachedwetsa nkhani, wosewera uyu akungolakatula mawu, ayi ndithu. Timadikira a ku Nigeria atiuze kuti chathu n'chabwino. Joyah yemweyo mu The Last Fishing Boat, ya 2012, anaika mitala ndi kugonana kwa amuna okhaokha m'nkhani imodzi ya kunyanja ku Mangochi, kuti tikangane bwinobwino ngati anthu akuluakulu. Mkanganowo tinauthawa ngati mmene tinathawira Loweruka.

Dzina loti Dorian analitenga m'buku la Oscar Wilde, mlembi wa ku Ireland amene khoti la ku London linamugamula mu 1895 kukagwira ndende ya kalavula gaga zaka ziwiri chifukwa chogonana ndi amuna anzake. Angerezi omwewo anabwera ndi malamulo otero ku Nyasaland. Kwawo anawachotsa, ife tikuwasungabe ngati chuma cha makolo. Mu May 2010 khoti la ku Blantyre linagamula Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga zaka 14, Bingu n'kuwakhululukira patangopita masiku ochepa, Ban Ki-moon ali m'dziko muno. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linati malamulowo akhalebe. Ndiye taganizani mnyamata wa ku Kampepuza kapena mtsikana wa ku Bawi amene ali wotero, wakulira m'mavidiyo sho, amadziwa filimu kuposa tonsefe a kagulu kaja. Ameneyo sangayerekeze kuima poyera, ngakhale kungoti atiuze maganizo ake pa sewero la pa MBC.

Ndipo ife olemba tiyenera kuchita manyazi kuposa ena onse. Dziko lino lili ndi lamulo lounika ndi kuletsa mabuku ndi zisudzo la 1968. Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987, buku lake la ndakatulo litachotsedwa kale m'masukulu ndi m'masitolo. Nthawi imeneyo ankaletsa ndi a boma. Loweruka lija panalibe wapolisi, panalibe wa Payoniya, tinadziletsa tokha, ine ndili ndi rimoti m'manja.

Loweruka likubwerali filimuyo tidzaimalizira kunyumba kwanga, ndipo bambo aja ndawaitana. Ndikufuna adzaone gawo lomwe tinalisiya: bwana uja akuuza mkazi wake kuti dalaivala wawo ndi munthu wabwino, amadziwa malire ake, koma ali ndi kafungo kenakake, dalaivalayo ali chigonere pansi pa tebulo akumva zonse.