Nkhokwe ya Ndalama Sidzala Yokha

Anzathu a m'midzi, nyengo yokolola ikafika ndipo cimanga, nshawa, thonje ndi soya zikapita ku msika, m'nyumba zambiri mulowa ndalama zimene banja silinazione kwa miyezi yambiri. Funso limene tifuna kuti yense adzifunse ndi ili: kodi ndalama zimenezo zigona kuti? Ena azikwirira m'cibekete, ena azibisa ku denga kumene ciswe ndi moto zizipeza, ndipo ena azitha m'masabata awiri. Mvula yoyamba ikagwa, munthu yemweyo athamangira kwa wa kaloba kukafuna ndalama ya feteleza, nabweza kawiri zimene anatenga.

Nkhani ya mabanki, tsono, si ya anthu obvala mataye a ku Cairo Road okha ai. Banki iri ngati nkhokwe ya mtundu wonse. Itenga ndalama za osunga ndi kuzikongoza kwa amene afuna kugula cigayo, ng'ombe zolimira kapena katundu wa m'sitolo. Dziko limene nkhokwe yake iri yopanda kanthu likhalira kupempha kunja. Nanga ciri cotani cimene cidzaza nkhokwe imeneyi m'maiko amene akali kutukuka? Mbiri ya Zambia yathu itiyankha momveka.

Coyamba ndi ndalama yosasungunuka. Pamene kwaca inayamba mu 1968, inali yamphamvu koposa dola ya ku America. Koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, nkhongole za dziko zinaculuka ndipo kwaca inayamba kufooka. M'caka ca 1993 cokha mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 180 peresenti. Munthu amene anaika ndalama ya ng'ombe m'banki anakatulutsa ndalama yosakwana ndi mbuzi yomwe. Pofika mu 2012 dola imodzi inali kugulidwa ndi makwaca pafupifupi 5,000, ndipo mu January 2013 Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama yathu. Palibe mlimi wanzeru amene aika mbeu zake m'nkhokwe yodontha. Cifukwa cace, kuletsa mitengo kukwera mothamanga ndiyo nchito yoyamba ya Boma liri lonse lofuna kuti anthu azisunga.

Caciwiri ndi kukhulupirika kwa mabanki eni ace. Malamulo a zacuma atamasulidwa kuyambira mu 1991, mabanki atsopano anaphuka ngati bowa. Ena anali ndi maziko ofooka, ndipo eni ace anali kukongozana okhaokha ndalama za anthu. Mu 1995 banki ya Meridien BIAO, imodzi mwa zazikulu m'dziko, inagwa, ndipo ena ang'onoang'ono anaitsatira. Anthu anaima pa zitseko zotseka mabuku ao ali m'manja. Amene anaona zimenezo anauza ana ao kuti banki ndi msampha, ndipo mantha otere atenga zaka kuti athe. Lamulo la mabanki la 1994, ndi ena amene analitsatira, anapatsa Bank of Zambia mphamvu zoyendera mabuku a banki iri yonse. Woyang'anira akagona, wolira ndi mai wogulitsa tomato amene anasunga pang'onopang'ono.

Cacitatu cikhudza ife tomwe, ndipo sitidzacibisa: kubweza nkhongole. Ufulu usanabwere mu 1964, mabanki a Barclays, Standard ndi Grindlays anali kutumikira makamaka migodi, azungu a mafamu ndi amalonda a m'mbali mwa njanji. Boma la anthu akuda linayesa kukonza colakwa cimeneci. Linatsegula Zambia National Commercial Bank mu 1969, ndipo linakhazikitsa mabungwe okongoza alimi: Credit Organisation of Zambia, pambuyo pace Agricultural Finance Company, ndiponso Lima Bank mu 1987. Colinga cinali cabwino, koma mabungwe onsewa anafa, ndipo Lima Bank inatsekedwa mu 1997. Cilala cinathandizira, kuyendetsa koipa kunathandizira, andale olowerera anathandiziranso. Koma ambiri a ife tinayesa nkhongole ya Boma ngati mphatso ya ufulu. Amene anakana kubweza sanalange Boma ai. Analanga mwana wace amene lero asowa kokongola. Ndiponso banki ikaona kuti mwa anthu khumi atatu sabweza, ikweza ciongoladzanja ca asanu ndi awiri okhulupirikawo.

Cacinai ndi khalidwe la Boma pa kukongola. Boma likamakongola kwambiri m'mabanki a m'dziko, ndi kulonjeza phindu lalikulu, mwini banki sabvutikanso kupita ku Lundazi kukafuna mlimi. Akongoza Boma ali khale mu ofesi. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ciongoladzanja pa nkhongole yace yakunja, ndipo panapita zaka zoposa zitatu akukambirana ndi okongoza. Njobvu ikamwa pa citsime ca mudzi, mbuzi zipeza matope.

Cacisanu ndi cikole. Minda yambiri ya m'midzi iri pansi pa mafumu ndipo iribe mapepala amene banki ifuna. Kwa zaka zambiri cimeneci cinatsekera kunja mlimi wamng'ono ngakhale ali ndi khola lodzala. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo lolola kuti katundu wosuntha, monga ng'ombe, makina ndi zokolola, alembedwe ku PACRA ngati cikole. Lamulo liripo, koma lamulo losadziwika liri ngati khasu losiidwa pa tsindwi. Alangizi a zamalimidwe ndi atsogoleri a makoparetivi ayenera kulifotokoza m'misonkhano.

Cacisanu ndi cimodzi ndi mtunda. Kale mphunzitsi wa kumudzi anali kutaya tsiku lathunthu ndi ndalama ya basi kuti akalandire malipiro ku boma. Ku Kenya, mu 2007, kunayamba M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, ndipo nzeru imeneyi inafalikira mu Africa. Lero tinyumba ta Airtel, MTN ndi Zamtel tiri pa misika ya Katete, Petauke ndi Chipata. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti akulu ogwiritsa nchito njira zosungira kapena zotumizira ndalama anacoka pa 59.3 peresenti mu 2015 kufika pa 69.4 peresenti mu 2020, ndipo cimene cinakoka kwambiri ndi foni. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti midzi ikali m'mbuyo mwa matauni. Kumene kulibe nsanja ya foni, magetsi ndi mseu wabwino, banki sifika. Tionjezenso cenjezo: akuba nao analowa m'foni. Nambala yanu yacinsinsi musauze munthu ali yense, ngakhale anene kuti aimba kucokera ku kampani.

Ena adzati: tisunge ciani pamene ndalama siikwana ndi mcere womwe? Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo banki siingakule pakati pa anthu osakolola kanthu. Misika yabwino ndi kulipira alimi pa nthawi yace ndizo zibala osunga. Komabe taonani amai athu a cilimba ndi a magulu osunga ndi kukongozana m'midzi. Aponya pang'ono sabata iri yonse, alemba m'buku pamaso pa onse, ndipo wosabweza acita manyazi pamaso pa anansi ace. Amai amenewa agwira kale mizati imene mabanki akulu anaiphonya: kusunga kosalekeza, mabuku oonekera ndi kubweza. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono yense agwire mbali yace. Boma lisunge mphamvu ya kwaca ndi kucepetsa dzanja lace m'nkhokwe. Bank of Zambia ikhale maso. Mabanki acepetse ndalama zodula pa buku la munthu wosauka, ndipo afotokoze mapangano ao m'cinenero cimene mlimi amva asanasaine. Mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a magulu akumbutse anthu ao kuti nkhongole siiola.

Ndipo inu, abambo ndi amai, mukagulitsa mbeu caka cino, khalani pansi awiri musanapite ku sitolo. Patulani ya feteleza ndi ya sukulu, muiike kumene ciswe sicifika, ndipo ngati muli ndi nkhongole ya gulu, bwezani mvula isanagwe.