Msonkho tinayamba kale, voti inabwera mocedwa

Pamene Chipata inali kucedwa Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, makolo athu anali kukhoma msonkho wa nyumba, koma pa za kayendetsedwe ka tauni sanali kufunsidwa. Zonse zinali m'manja mwa azungu a kampani ya British South Africa. Voti ya munthu wamkulu aliyense inafika mu 1964.

Kuyambira 2016 meya timadzisankhira tokha, osati kudzera mwa makhansala. Mu 2021 anthu a mu Chipata anasankha George Mwanza, wacinyamata woima payekha, nasiya a zipani zazikulu. Apo tinaonetsa kuti tingathe kupenda munthu osayang'ana citenge ca cipani.

Koma pa khansala tikali mtulo, abale. Ambiri timangoconga cizindikiro, dzina osalidziwa. Cikhalireco mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, ndipo zimadzera ku khonsolo. Kamlatho koolotsera cimanga ndi nshawa, khansala ndiye angakakumbutse kapena kukaiwala. Ku mphakati sabata ino tifunsane kuti wathu ndani, ndipo msonkhano wa m'wadi anaitanitsa liti.