Musanamizire kambuzi

Pa WhatsApp pakuzungulira uthenga, ndipo owerenga angapo atitumizira: akuti tsabola wa kambuzi amaboola m'mimba, ndiye wachulukitsa zilonda za m'mimba masiku ano. Nkhaniyi si yoona, ndipo ikhoza kupweteketsa anthu.

Mantha ake tikuwamvetsa. Katsabola kachikasu kongofanana ndi nsonga ya chala, ukakaluma misozi ndi mamina zimatsikira limodzi, thukuta kamukamu. Munthu n'kumati, ngati lilime lapsa chonchi, nanga matumbo? Komatu lilime silipsa. Mu tsabola muli mankhwala otchedwa capsaicin, ochuluka m'timinofu toyera tomwe njere zimamatirirapo. Mankhwalawa amapusitsa mitsempha yomwe imamva kutentha kopitirira madigiri 43, ubongo n'kulandira uthenga wa moto pomwe moto palibe. Mbalame, poti mitsempha yake siimva capsaicin, zimajompha tsabola osatekeseka.

Ndipo kambuzi sitimufunira ukali wokha. Mudulireni pakati, mumuponye m'mafuta otentha pamodzi ndi anyezi: fungo lake, lokhala ngati la chipatso chakupsa, limakafika mpaka kwa aneba. Usipa wouma umasanduka ndiwo ya alendo. Wosauka mukamuopseza kuti asiye zimenezi, mwamulanda chokometsera nsima chomwe angachikwanitse.

Zoyambitsa zilonda zinadziwika kale. Mu 1982 madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anasonyeza kuti m'mimba mwa odwala mumakhala tizilombo tomwe lero timatchedwa Helicobacter pylori. Anzawo atakayika, Marshall anamwa dala tizilomboto mu 1984, n'kudwaladi. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Choyambitsa china ndi mankhwala opha ululu monga aspirin ndi Brufen, aja timagula pagolosale n'kumangomwa tsiku ndi tsiku.

Chomwe chikutiwawa mtima n'chakuti munthu m'mimba mukamamuotcha amangosiya tsabola, n'kukhala pansi poganiza kuti wathana nalo vuto, tizilombo tili phee kupitiriza ntchito yake. Chonsecho tizilomboti timapimidwa, ndipo timafa ndi mankhwala akumwa pafupifupi masabata awiri. N'zoona kuti amene ali kale ndi chilonda kapena chilungulira, tsabola akhoza kumuwonjezera ululu. Ameneyo ayambe wamupumira. Koma akaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena akasanza magazi, asachedwe ndi kuloza chala botolo la kambuzi. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.